Dedza ikukula, koma njira taisiyira malo?

Abale anga a ku Dedza, amene muli konkuno ndi amene muli kutali, ndiloleni nditulutse zomwe zakhala zikundisowetsa tulo kuyambira dzinja lapitali.

Usiku wina mvula ili pakati, cha m'ma 1 koloko, bambo woyandikana nafe nyumba anagogoda pawindo. Akazi awo matenda anali atayamba. Galimoto tinaipeza msanga, ya mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, koma inakaima kumtunda, kumsewu wafumbi, chifukwa njira yotsikira kwathu siilola galimoto. Mbali ino mpanda wa njerwa, mbali inayo chimbudzi cha munthu, pakati kampata kongokwana njinga ya kabaza. Usiku umenewo kampatako kanali mtsinje. Mayiwo tinawanyamula pa bulangete, amuna anayi, aliyense atagwira ngodya yake, madzi akutimenya m'miyendo, amayi awiri akuunikira ndi matochi a pafoni. Mayi wina wachikulire ankangoti, "Pang'onopang'ono ana anga, pali dzenje apo, pang'onopang'ono." Mwana anabadwira kuchipatala bwinobwino, wamkazi, pano wayamba kukwawa. Koma ine ndikamuona mwanayo ndimakumbukira dzenje lija, ndi m'mene mwendo wanga unaterera tili pakati pa njira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njira imeneyi ine ndinaipeza ili yotakata. Pamene ndinkagula malo anga, ngolo ya ng'ombe inkatsika ndi mchenga mpaka pakhomo. Palibe munthu mmodzi amene anaiba njirayo. Uyu anasuntha chikhomo pang'ono, uyo anakumba chimbudzi kumalire kwenikweni, wina anagula puloti n'kuigawa pawiri kuti theka agulitse. Nanenso, ndinene zoona, pomanga mpanda wanga ndinauza mmisiri kuti aukankhire kunja pang'ono kuti khola la nkhuku likwane. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati palibe amene ndikumulakwira. Usiku uja ndi pamene ndinaona amene ndinamulakwira, ali pa bulangete.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Tikamakamba za chitukuko cha tauni yathu, timathamangira ku phula, magetsi a m'misewu, depoti yabwino. Zonsezi ndikuzifuna ngati wina aliyense. Koma zimenezi zimafuna ndalama, ndipo yankho lake timalidziwa kale: ndalama palibe, dikirani bajeti ya chaka chamawa. Pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama, chimene tikachichedwetsa sitidzachipezanso: kusiya malo. Malo a msewu, a ngalande, a chimbudzi cha pamsika, a bwalo loti ana azisewererapo. Phula likhoza kubwera patapita zaka khumi, lidzaupeza msewu ukulidikira. Koma pamene pamangidwa nyumba ya malata, msewu sudzadutsaponso popanda kugwetsa nyumba ya munthu, kulipira chipukuta misozi, ndi kudana kwa mabanja.

Tauni ino sikudikira munthu. Pa kalembera wa 2008, pa boma pano tinalipo anthu pafupifupi 20,000. Pofika kalembera wa 2018 tinali titapitirira 30,000, ndipo boma lonse la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000. Kuyambira nthawi imeneyo ingoyang'anani nokha mauvuni a njerwa akufuka mbali zonse. Zifukwa zake n'zoonekeratu. Tili pa msewu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo amene malo awakanika kugula mumzindamo ayamba kuyang'ana kuno. Tili ndi chipata cholowera ku Mozambique, kumene magalimoto akuluakulu a katundu amafola tsiku ndi tsiku. Tili ndi kachewere, nyemba ndi kabichi zodyetsa mizinda iwiri. Munthu wa ku Lobi, ku Mayani kapena ku Kasumbu akagulitsa mbewu n'kupeza kangachepe, chimene amayamba kuganiza ndi puloti pa boma. Ndipo sakulakwa.

Amene munakhalako ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Ndirande mukudziwa mapeto a kumanga kotere. Madera amene aja sanayambe ali othithikana. Anayamba ngati kwathu kuno: munda wa chimanga, nyumba imodzi apa, ina apo, mpata wambirimbiri. Lero moto ukabuka galimoto yozimitsa moto imavutika kulowa, ndipo ofuna kuyala mapaipi a madzi amasowa podutsitsa. Ife tikadali ndi mwayi umene anzathu aja anautaya, chifukwa m'mphepete mwa tauni yathu minda ikadalipo.

Wina anena kuti boma lili ndi mapulani. Inde alipo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amatchula kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Pansi pake anasankha malo asanu ndi atatu oti atukulidwe kukhala mizinda ina: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza komanso Bangula. Werenganinso mndandandawo. Dedza mulibe. Ntcheu mulibe. Sindikuchitira nsanje anzathuwo, zifukwa zowasankhira zilipo, ambiri ali kunyanja kapena pa njanji. Koma tanthauzo lake kwa ife n'lakuti tisamayang'ane kumsewu kudikira alendo oti adzatijambulire tauni. Ikajambulidwa, ijambulidwa chifukwa eni akefe taumirira.

Ndibwerere ku madzi aja anatimenya m'miyendo. Madzi amenewo amachokera kuphiri. Tauni yathu inakhala m'munsi mwa phiri lotalika mamita pafupifupi 2,200, ndipo dontho lililonse logwa pamwamba paja njira yake ndi yodzera pakati pathu. Tili ana, phirilo linali bii ndi mitengo ya paini, m'mawa nkhungu itakuta, mvula ikagwa madzi ankatsika mwaulemu. Lero mbali zambiri zayera, mitengo inapita ku matabwa, ku nkhuni ndi ku mauvuni omwe aja akutimangira nyumba. Madzi akutsika ndi liwiro, atanyamula mchenga ndi miyala, n'kupeza njira zake zakale tamangapo. Madzi saiwala khwawa. Ukawatsekera amalowa m'khitchini mwa mnzako wakumunsi. Ndiye mkangano wa anthu oyandikana nyumba umene timaumva chaka chilichonse, wakuti "mwandilozetsera madzi pakhomo", si wa anthu awiriwo ayi. Ndi wa dera lonse limene linamanga osasiya ngalande.

Tsopano za pamsewu waukulu, pakuti apa mtima wanga umagawikana. Imani pa Chimbiya, pa Bembeke, pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano tsiku la msika. Mwezi wa June, kuzizira kolowa m'mafupa kuja, mayi wabereka mwana kumsana, wavala juzi ziwiri, ndowa ya kachewere ili pamutu, akuthamangira basi imene sinaimitsitse n'komwe. Anzake asanu akuthamangira windo lomwelo. Kumbuyo kwawo thiraki yodzaza simenti ikutsika mtunda ikuliza hutala. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika pa Kampepuza ku Ntcheu, galimoto yaikulu italowa pakati pa anthu pamsika n'kupha ambiri tsiku limodzi. Lamulo limati msewu ngati M1 uzikhala ndi malo opanda kanthu mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pake. Lamulolo ndi labwino. Koma amene amangoti "achotsedwe mavenda" sanayambe wagulitsapo tomato. Mayi uja sali pamsewu chifukwa chokonda ngozi. Ali pamenepo chifukwa ndi pamene kasitomala amaima. Mukamuthamangitsa lero osamupatsa pena, mawa m'mawa mumupeza pomwepo, ndipo ine sindingamudzudzule.

Chofunika ndi malo okhotera magalimoto, otakata, kunja kwa msewu, oti basi iziima bwinobwino anthu n'kutsika kukagula, mashedi ali chapatali pang'ono ndi phula, pali madzi ndi chimbudzi. Apanso nkhani ndi ya malo. Pa misika imeneyi malo oterowo akadapezeka lero. Zaka zisanu zikubwerazi padzakhala mashopu.

Chimbudzi ndachitchula dala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inatiphunzitsa kuti msika wopanda chimbudzi ndi madzi osamba m'manja ndi msampha. Wogulitsa aliyense amadula tikiti tsiku lililonse, dzuwa kaya mvula, wagulitsa kaya sanagulitse. Si mwano kufunsa kuti pamwezi msika wathu watolera zingati, ndipo mwa zimenezo zabwerera zingati kudzakonza ngalande, kuchotsa zinyalala ndi kupopa chimbudzi. Ziwerengerozo azizimata pa bolodi pachipata cha msika, aliyense aziwerenga. Wotolera wachilungamo bolodi limamuteteza, chifukwa miseche imatha. Chimodzimodzi ndi geti yolipiritsa magalimoto ya pa Kalinyeke: ili m'boma lathu lino, ndipo ndi bwino tizifunsa mwaulemu kuti pa ntchito zokonza M1, misika ya m'mbali mwake yaganiziridwa bwanji.

Nanga tikafunse kuti? Apa ndi pamene ambirife timagwa. Timadandaula m'minibasi, pamaliro, pa Facebook pano, koma kumene nkhani zimamangidwa sitipitako. Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, njira yake inaikidwa: nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako ku khonsolo, kumene kumakhala makhansala, aphungu ndi mafumu. Mkumano wa khonsolo yonse munthu wamba amaloledwa kukakhala n'kumamvetsera. Ndi angati mwa ife tinapitako? Ndi angati tikudziwa tsiku limene VDC ya kwathu imakumana? Komanso kuyambira pa 30 September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Ukhoza kulemba kalata kupempha kuona mapu a tauni, kapena ndondomeko ya chitukuko ya boma lino, kapena m'mene ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zayendera m'dera lako. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ife manyazi atipweteka nthawi yaitali.

Makhansala athunso timawalemetsa ndi katundu wolakwika. Khansala akafika pamudzi timamupempha bokosi la maliro, fizi ya mwana, mayunifomu a timu ya mpira. Mavutowo ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma tikamuyesa ndi zimenezo, nayenso amaphunzira kuti ntchito yake ndi imeneyo, ndipo za kalavati, za mapu, za malo a msika palibe amene amufunsa. Bwanji tsiku lina timuitane, tiyende naye wapansi m'njira zathu mvula itangokata kumene, aone yekha pamene madzi amadutsa?

Kwa mafumu athu, ndikulankhula nditagwada. Malo ambiri amene tauni ikukulirako ali m'manja mwanu, ndipo palibe puloti imagulitsidwa kumeneko inu osadziwa. Mawu anu amamveka kuposa kalata ya ku ofesi. Tinaona kwa Inkosi Kachindamoto kuti mfumu ikaimirira pa chinthu, monga anachitira pothetsa maukwati a ana, dziko lonse limatembenuka kuyang'ana. Inu a Nyakwawa, inu a Gulupu, mutati munene kuti m'mudzi mwanu simuchitira umboni malo alionse ogulitsidwa popanda kusiya njira yoti galimoto ziwiri zipambane, ndani angakutsutseni? Wogulitsa adzadandaula kuti mwamudyera mamita awiri. Koma puloti yofikika ndi galimoto imagulidwa mtengo woposa ya kuseri kwa chimbudzi cha wina, ndipo iye yemweyo adzabwera kudzathokoza.

Ndipo inu a kwathu amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg, amene mumatumiza ndalama kuti achibale akugulireni malo: musamangofunsa kukula kwa puloti ndi mtengo. Funsani kuti msewu uli mbali iti, ndi wotakata bwanji, madzi a mvula amalowera kuti. Mukamafunsa inu ogula, ogulitsa ayamba kusiya njira okha.

Tili ndi zinthu zimene maboma ena amasirira. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zili pakhomo pathu. Mishoni ya Mua ili m'boma lomwe lino. Mphepo yathu yozizira anthu a kuchigwa amailakalaka. Tauni yokhala ndi zonsezi siyenera kukhala malo amene mayi woyembekezera amanyamulidwa pa bulangete.

Kwathu tayambapo. Tinapita kwa a Nyakwawa, anatimvera, ndipo Loweruka likubwerali tikumana nonse a m'njira yathu, 7 koloko m'mawa, ndi chingwe choyezera ndi zikhomo. Pali mabanja awiri amene sanavomerebe, ndipo mwini chimbudzi chija akufunsa kuti amukumbira china ndani. Tagwirizana kuti tisonkha njerwa ndipo anyamata akumba. Mpanda wanga ndi umene uyambe kugwa. Mmisiri ndamuuza kale, nkhuku ndazisamutsira kuseri.