Inu a komiti, musanathamangitse kochi wina, tamverani

Ana anga a m'makomiti a matimu, ndi inu masapota amitima yapachala, ndiloleni ndikudzudzuleni poyera. Ndinayamba kupita ku bwalo la Kamuzu tsitsi lili bii, lero layera mbuu, ndipo khalidwe lanu losintha makochi ngati malaya landikwana. Timu ikangogonja magemu atatu, masapota mwaunjikana kale pa geti ndi miyala, a komiti mwakumana usiku, kukacha kochi wapita. Mawa lake mwatenga wina chifukwa dzina lake linamveka pa wailesi. Ligi ya matimu 16 ili ndi magemu 30 okha. Kochi wachitatu m'chaka chimodzi adzawadziwa liti anyamatawo?

Mumakonda kutchula Kalisto Pasuwa. Chabwino, tiyeni timutchule. Pomwe Maule, timu ya Big Bullets, ankamutenga mu 2018 sanachite kumutola panjira. Anali atatenga ligi ya ku Zimbabwe kanayi kotsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, komanso atapita ndi timu ya dziko lake ku AFCON ya 2017, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa. Mlendo anadzadi ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kanameta chifukwa eni mudzi anamupatsa mpata. Anakhala zaka, nakweza anyamata ochokera ku timu yachisodzera, mpaka mu 2023 anakokolola zikho zinayi. Peter Mponda, yemwe anali womuthandizira, anapita ku Silver Strikers n'kukatenga ligi mu 2024. Inu mumangoona zikhozo, zaka zimene anapatsidwa simuziwerenga.

Tsono timu yanuyi ili kunsi kwa ligi, madzi afika m'khosi. Musafune munthu wolonjeza chikho. Funani wodziwa kutseka kumbuyo, woti timu ileke kumwa zigoli zachibwana pa kona ndi pa mphindi zomaliza, woyamikira pointi imodzi ya koyenda. Mufunseni ngati anakhalapo m'basi usiku wonse kupita ku Karonga, n'kukasewera dzuwa lili phwee. Mufunseni mayina a anyamata asanu a m'maligi a m'zigawo amene angawatenge popanda ndalama zambiri. Akayamba kukanda m'mutu, ameneyo si wanu, ngakhale atavala suti yotani. Mapepala a ukochi a CAF, bungwe la mpira mu Africa, muwaone ndi maso anu, inde, koma kafunseninso osewera amene anadutsa m'manja mwake: kodi ankawaphunzitsa, kapena ankangowatukwana? Kodi mnyamata wotchuka akabwera ku treningi akununkha mowa, ankatha kumukhazika pa benchi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndiye pamene pamandiwawa. Ndinaonapo ndi maso angawa, ku timu ina imene sindiitchula, wapampando akulemba kapepala gemu ili m'kati, n'kutuma mwana kukapereka ku benchi kuti alowetse mphwake. Kochi anamvera, timu inagonja, ndipo wochotsedwa anali kochi yemweyo. Manyazi mulibe? Ngati mukufuna munthu wongoti "inde bwana", musavutike n'kulengeza za ntchito, khalani pa benchipo nokha. Kochi woyenera ndi amene angakuyang'aneni m'maso n'kukana kapepalako.

Komanso musamunamize. Anyamata atha miyezi osalandira, eni nyumba akuwathamangitsa, ma bonasi a chaka chatha akadali m'kamwa mwanu, koma ndalama ya sing'anga ndi mchere wothira pa golo imapezeka tsiku lomwelo. Ndi kochi uti angathamangitse mwana wa njala mphindi 90? Ndipo mukamuchotsa mgwirizano usanathe mudzamulipirabe, ndalama yomwe ikanalipira osewera aja.

Nanunso masapota, gendani basi lero, mawa timu ilipitsidwa chindapusa, mkucha musewera bwalo lopanda anthu. Kochi wanzeru akamva mbiri yotere sabwera, amabwera ndi wosowa kolowera.

A wapampando, musanaimbire foni munthu wina aliyense sabata ino, itanani osewera, muwalipire mwezi umodzi wokha mwa miyezi imene simunawalipireyo. Mukatero khalani pansi ndi amene mwamusankhayo, mulembe papepala zimene mukufuna pofika kumapeto kwa ligi, musaine nonse, ndipo kapepala ka ku benchi kaja mukang'ambe iye akuona.