Ku Nyika kusaka kukhalebe koletsedwa, koma eni malo asaiwalike

M'mawa wina ku Chelinda, m'paki ya Nyika, kukuzizira koumitsa zala, ndinaima pa damu kuonerera mlendo akuwedza trout, nsomba ija inabwera ndi atsamunda chifukwa imakonda madzi ozizira a kumapiri. Chilolezo anali atalipira, mbedza yake yomangirira tinthenga ikugwa pamadzi mwakachetechete. Patsidya, mbidzi ndi chilembwe zinkadya msipu osatekeseka.

Madzulo ake mlonda wa nyama anandionetsa zimene anatola kuthengo: mawaya a mabuleki a njinga, opindidwa kukhala misampha. Umodzi unali udakali ndi ubweya. Waya sasankha, abale. Amagwira mphoyo, amagwira ntchefu ya bere, amagwiranso kambuku. Onjezerani moto umene osaka amayatsa m'chilimwe, muona chifukwa chake ndikuti lamulo loletsa kusaka ku Nyika lisasunthe. Apa sindikunyengerera munthu.

Chondiwawa ndi china. Paki iyi inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo poikulitsa mu 1978 mabanja anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Lero ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, pafupifupi masikweya kilomita 3,200. Zidzukulu za anthu aja zili m'munsi mwa phiri, ku Rumphi ndi ku Chitipa, zikuona galimoto za alendo zikukwera kudzera pa geti la Thazima n'kuwasiyira fumbi. Mu 2017 kunabweranso njovu 34 kuchokera ku Liwonde. N'zabwino ndithu, koma njovu ikatuluka usiku imadya chimanga cha ndani?

Njira tikuidziwa kale. Magulu a alimi a njuchi analoledwa kupachika ming'oma m'paki, ndipo munthu amene uchi wake uli m'nkhalango sangalekerere mnzake kuyatsa moto. Amakhala mlonda wosalembedwa ntchito.

Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 wosamalira Nyika ndi nkhalango yosungira nyama ya Vwaza. Pempho langa ndi loti woperekeza mlendo ku damu, wophika, wokonza msewu, azichokera m'midzi imeneyi poyamba. Gawo la ndalama za pa geti lopita kumidzi lizilembedwa papepala, lizimatidwa pa bwalo la mfumu, aliyense aziwerenga yekha kuti chaka chino zalowa zingati ndipo mjigo wakumbidwa pati.