Viza palibe, koma masiku pa boda safanana

Mmalawi amene ali ndi pasipoti atha kulowa ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa osapempha viza. Izi n'zoona, ndipo ndi zimene matransipota a ku Joni amauza anthu kumudzi powakopa. Chimene satchula n'chakuti dziko lililonse limapereka masiku akeake, ndipo ukapitiriza masikuwo, chilango chake sichifanana.

Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg imatulukira pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zóbuè, kuwoloka Zambezi ku Tete, kutulukira pa Cuchamano, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Paliponse anthu amatsika, kaya ndi usiku kaya dzuwa lili pamutu, ana ali kumbuyo, n'kuima pamzere pasipoti ili m'manja. Kupita kokha ndi zidindo 6. Mayi wa geni woyenda mwezi ndi mwezi masamba amamuthera pasipoti isanakwanitse zaka zake 10.

Chidindo cholemera ndi chomalizacho. South Africa imapatsa Mmalawi masiku 30 basi, pamene munthu wa ku Zimbabwe kapena wa ku Zambia amene waima naye pamzere womwewo malamulo amamulola mpaka masiku 90. Ndipo musanachoke pawindo, yang'anani deti limene alembalo, chifukwa ofesala ali ndi mphamvu yolemba masiku ochepa kuposa pamenepo, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi cholembedwacho. Kuyambira mu 2014, dzikoli linasiya kulipiritsa chindapusa anthu opitiriza masiku. M'malo mwake amakulemba kuti ndiwe wosafunika m'dzikomo. Ukapitiriza ndi masiku osaposa 30, sulowanso kwa chaka chimodzi. Ukaposa 30, ndi zaka 5. Taganizani munthu amene anapita kukadwazika mchemwali wake ku Durban, matenda n'kukula, maliro n'kuchitika, mwezi n'kutha. Potuluka pa Beitbridge amupatsa chikalata chomuletsa kubwerako, pamene ana amasiye atsala komweko. Njira yochita apilo ilipo, koma ndi angati kumudzi amene amaidziwa?

Mozambique nayonso imapereka masiku 30, koma wopitiriza amamulipiritsa ndalama pa tsiku lililonse lowonjezera. Zimapweteka m'thumba, ndipo masiku akachuluka ndalamayo imakula msanga. Komabe kwa ine chilango cha ndalama ndi chabwinoko kusiyana ndi kutsekera munthu khomo zaka 5, chifukwa ngongole achibale amasonkherana, pomwe zaka palibe angakusonkhereni.

Zambia ndiyo yatigwira bwino. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa chaka, wa bizinesi 30. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula boda ya Mchinji ndi Mwami yoimapo kamodzi: wopita ku Chipata amamaliza za maiko onse awiri m'nyumba imodzi, m'malo moima uku n'kukaimanso uko. Tanzania nayo pa Songwe sivuta pa nkhani ya masiku, imalola mpaka 90.

Koma ngakhale pa Mchinji pomwepo, chotchinga chenicheni ndi pasipotiyo. Mu 2024 boma linatsitsa mtengo wake kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndipo munali m'chaka chomwecho pamene makina osindikizira anaima kwa masabata angapo ataonongedwa ndi akuba a pa kompyuta, anthu n'kumagona pamizere. Mlimi wa ku Mkanda amene akufuna kukaona amalume ake ku Chipata, kapena gogo wa ku Dedza wopita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa August, ndalama imeneyo aipeza kuti? Kabodapasi kamathandiza a m'mbali mwa malire, koma ndi ka masiku ochepa ndipo sikafikitsa patali. N'chifukwa chake ambiri amangodzera njira za kutchire pa kabaza. Akagwidwa amatchedwa olowa mozemba, chonsecho akupita kwa mfumu yawo, kumene chilankhulo ndi mfunda n'zimodzi.

Anzathu ena anaithetsa nkhaniyi. Botswana ndi Namibia anagwirizana mu February 2023 kuti nzika zawo zizidutsa malire ndi chiphaso cha unzika chokha. Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba zomwezo mu 2014. Ife chiphaso cha unzika tili nacho kuyambira pa kalembera wa mu 2017, ndipo chili ndi chithunzi ndi zidindo za zala. A ku Zambia ali ndi chiphaso chawo cha unzika, chotchedwa NRC, kuyambira kalekale. Mgwirizano wa SADC wa mu 2005 wofewetsa kayendedwe ka anthu unanena za masiku 90 pa chaka opanda viza, koma sunayambe kugwira ntchito chifukwa maiko okwanira sanauvomereze kwawo. A Botswana ndi Namibia sanadikire zimenezo, anangokhala pansi awiriwiri n'kusainirana.

Ena amati kufewetsa malire kudzalowetsa mbava ndi ozembetsa anthu. Nkhawayi ndimaimva, pakuti tonse tikukumbukira mitembo imene inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu 2022. Koma ozembetsa sadutsa pawindo. Munthu amene waonetsa chiphaso n'kulembedwa m'kompyuta boma limadziwa kuti watuluka liti ndipo wabwera liti, pomwe wodzera m'munda wa chimanga palibe amene amamuona.

Boma lathu liyambe ndi Lusaka, popeza nyumba ya pa Mwami inamangidwa kale, kenako Maputo chifukwa cha abale a ku Angónia ndi Milange. Ndipo nduna zathu zikakhala pansi ndi a ku Pretoria, zifunse poyera chifukwa chimene Mmalawi amapatsidwa masiku 30 pamene mnzake wa ku Chipata amapatsidwa 90.