Kuchedwa kwa ku Mfuwe, kwa ku Senga Bay ndi kwa ku Tete sikufanana

Alendo oyenda ndi galimoto zogonamo, zija zokhala ndi bedi, kafuriji ndi kambaula ka gasi mkati, amakonda kunena kuti alibe changu. Amatero akadali ndi mphamvu yonyamuka tsiku limene afuna. Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa ndi kuphikira alendo otere pakati pa Malawi, Zambia ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndaona kuti dziko lililonse lili ndi njira yakeyake yomangira munthu miyendo.

Zambia imakuchedwetsa pakhomo. Kuyambira mu December 2022, pamene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, zinthu zinapepukako ndithu: umaima kamodzi, maofesala a mayiko awiri onse ali m'nyumba imodzi. Koma galimoto yakunja ili ndi zolipira zake zambiri, msonkho wa utsi, wa msewu, wa khonsolo, kenaka chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi. Windo ili, windo ilo, dzuwa likupendeka. Chabwino chake n'chakuti ukamaliza wamaliza. Ku Chipata nthawi zambiri dizilo amakhalapo, ndipo msewu wa ku Mfuwe ndi wa tala.

Pa kampu m'mphepete mwa Luangwa moyo umatsata nyama. Usiku mvuu zimatuluka kudzadya msipu pafupi ndi matayala enieniwo, ndipo kupita kubafa mdima utagwa umadikira mlonda wa tochi akuperekeze. Malalanje susiya poonekera chifukwa njovu zimanunkhiza, buledi ukamuiwala patebulo ndi wa anyani. Chokugoneka masiku owonjezera kumeneko ndi mvula, Luangwa akasefukira n'kutseka tinjira ta m'nkhalango. Mu 2024 kunabweranso vuto la magetsi, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, moti malo opanda sola ankangodalira jenereta ndipo nyama ya m'furiji tinkaiwotcha msanga isanaonongeke.

Kwathu kuno ku Malawi kulowa sikuvuta kwenikweni. Chimene chimatimanga ndi mafuta. Chiyambire 2022 akhala akusowa, kupezeka, kusowanso, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja zogulira, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sikunathetse mizere ija. Galimoto yogonamo ndi yolemera, imamwa dizilo kwambiri. Singano ikatsika uli ku Senga Bay, ku Chembe kapena ku Kande, sungayerekeze kunyamuka osadziwa kuti ukathira kuti.

Ndiye tsiku limayenda chonchi. M'mawa kusanache bwino asodzi akukocheza, usipa ukuyalidwa pa thandala, wina wabwera pa geti ndi kampango atamugwira m'makha: "Bwana, uyu ndi wa lero, mumuone maso." Amayi ochapa afika kudzatenga zovala za alendo. Mnyamata wa kabaza amene tamutuma ku Salima waimba kuti thanki ya mafuta sinafike, koma akuti mwina madzulo. Foni ili m'manja nthawi zonse, kuyang'ana m'magulu a WhatsApp momwe madalaivala amauzana kumene kwatsitsidwa dizilo. Masana anyamata a zigubu amatulukira ndi mtengo wawo wokwera, ndipo ine ndimakana, chifukwa dizilo wa m'chigubu sudziwa chimene asakanizamo, ndipo injini ikafa kunyanja mlandu wake ndi wanga. Madzulo tikazinga chambo, alendo asambira, dzuwa lilowa. Mawa lake chimodzimodzi.

Kunena zoona, pa malo atatu onsewa palibe pokoma kudikirira ngati panyanja pathu. Mudzi uli pafupi, tomato ndi makala ukugula pa geti, anthu akukupatsa moni ngati wakhala nawo chaka. Ku Mfuwe sungangoyenda wapansi usiku, ku Chembe umapita kukaonera mpira ndi eni mudzi. Koma ndimaona nkhope ya mlendo ikusintha. Masiku oyamba amagula zosema, amakwera boti kukaona nsomba za mbuna, amapatsa ochapa kangachepe koonjezera. Akazindikira kuti sakukhala mwa kufuna kwake, chikwama amachitseka, n'kuyamba kuwerenga masiku otsala pa chitupa chake ndi kufufuta malo pa mapu. Amene amaluza ndi mayi wogulitsa nthochi ku Chitimba, amene mlendoyo sadzafikako.

Ku Mozambique nkhani ndi mapepala ndi kutentha. Dzikolo silili m'bungwe la zamalonda la COMESA, choncho inshuwalansi ya khadi lachikasu imene imagwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kumeneko ilibe mphamvu; umagula ina pa Zobue kapena pa Calomue. Mafomu ndi a Chipwitikizi, ngakhale kuti ku Angonia ukayankhula Chichewa wogulitsa mbatatesi amakuyankha ngati uli ku Dedza. Pamsewu apolisi amafuna kuona vesti yonyezimira ndi matrayango awiri, ndipo liwiro la m'matauni amalitsata osaseka. Ukakhala ndi zonse amakubwezera mapepala ako n'kukulola. Malo oimikapo galimoto n'kugona ndi ochepa m'njira imeneyi, ndiye ambiri amangogona usiku umodzi m'mbali mwa Zambezi, pafupi ndi mlatho wa Samora Machel. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, mkati mwa galimoto simugoneka, alendo amatulutsa matiresi n'kupachika neti panja. Palibe amene amakhalitsa ku Tete mwa kufuna.

Komanso kuchedwa kwa ku Mozambique sikuthera komweko. Kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho zitatseka misewu, mathanki ochokera ku Beira ndi Nacala anavutika kudutsa, ndipo mizere ya mafuta kuno inatalika. Munthu ali phee pa mchenga ku Nkhata Bay, chomugoneka chikuchitikira dziko lina.

Mukandifunsa kuti kuchedwa kwabwinoko n'kuti, ndinena kwa pa boda ya Zambia, ngakhale kumadya ndalama. Umadziwa mtengo wake, umadziwa kuti kutha lero. Kwa ku Tete umakupewa pokonzekera mapepala usananyamuke. Kwathuku kulibe tsiku, ndipo n'kumene kumandipweteka mtima, chifukwa malo athu ndi amene alendo amafunitsitsa kukhalitsako. Masiku ano ambiri amene ndimayenda nawo amadzaza thanki ku Chipata, n'kuwerenga makilomita oti akafike kunyanja ndi kubwerera pa dizilo yemweyo. Livingstonia ndi Nyika amazichotsa pa ulendo tisanadutse n'komwe pa Mchinji.