Mangochi ikufunika khoma la zithunzi losintha ndi nyengo

Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa nyanja, kuchokera pa Boma kudzera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, akuzidziwa zithunzi zomwe ndikunena. Choyamba ndi cha dzuwa lofiira, mlambe umodzi pambali, msodzi ali chiimire m'bwato. Chinzake ndi cha amayi atatu osenza mitsuko, ataliatali, opanda nkhope. Chachitatu ndi cha nsomba za mbuna za mawangamawanga. Zakhala zikugulitsidwa pazipata za malo ogona alendo kwa zaka zambirimbiri, ndipo mukafunsa kuti anajambula ndani, wogulitsa amangoti "achimwene anga".

Ndamvapo anthu akunena kuti ojambula akuno alibe maganizo, amangokoperana. Zimenezo ndikukana. Anyamata omwewa ndi amene amalemba mayina pamaboti, amajambula mameto pamakoma a malo ometera tsitsi, ndipo mukawapatsa nkhope ya munthu pafoni amaitulutsa ndendende. Chimene chawapanikiza ndi malo ogulitsira. Mlendo amaima pachipata mphindi zowerengeka, galimoto ikulira, akufuna kanthu koti akafika kwawo azikaloza n'kumati ndinafika ku Malawi. Chithunzicho chikhale chaching'ono, chopanda felemu, chotheka kuchikulunga n'kuchiponya m'chikwama. Mtengo nawo amanenerera mpaka kufika theka. Onjezanipo kuti penti wabwino, maburashi ndi chinsalu chojambulapo n'zochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera nthawi yomweyo. Munthu woti kunyumba ana akudikira ufa sangathire penti wodula pachithunzi chimene sakudziwa ngati chituluke. Abwereza mlambe womwewo, poti mlambe umagulidwa.

Maganizo anga ndi akuti Mangochi ikufunika gallery. Sindikunena shopu ina ya ziboliboli, zimenezo tili nazo zokwanira. Ndikunena nyumba ya bizinesi yogulitsa zojambula, imene imapachika chionetsero chimodzi kwa mwezi kapena mwezi ndi theka, kenako n'kutsitsa zonse n'kupachika zina. Pamakhala tsiku lotsegulira, anthu n'kuitanidwa, wojambula ali pomwepo akuyankha mafunso. Pafupi ndi chithunzi chilichonse pamakhala kapepala kolembedwa dzina la wojambula, mutu wa chithunzicho, chaka chimene anachijambula ndi mtengo wake. Chikagulidwa amamatapo kadontho kofiira, koma chimakhalabe pakhoma mpaka chionetsero chitatha, kuti obwera mochedwa aone zomwe zawadutsa.

Chimene ndikuchikonda kwambiri pamenepa ndi tsiku lotsekera lija. M'shopu ya ziboliboli chithunzi chimakhala pamalo amodzi mpaka kuchita fumbi, wogula n'kumati ndidzabweranso, osabwera. Akadziwa kuti pakutha pa mwezi khomalo likhala ndi zina, amaganiza msanga. Kwa wojambula ndiye nkhani imakula. Mwini gallery akamuuza kuti mu Ogasiti chipinda chonse n'chako, ayenera kubweretsa zithunzi mwina khumi ndi zisanu, zoti zikapachikidwa pamodzi zizikamba nkhani. Mlambe umodzi pachipata umaoneka bwino, koma milambe khumi ndi isanu pakhoma limodzi imachititsa manyazi mwini wake. Chaka chamawa akaitanidwanso, anthu omwe anabwera ulendo woyamba adzafuna kuona pomwe wafika. Kukakamizidwa kotereku ojambula athu sanakupezepo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo angakule nako.

Ndikudziwa kuti mundifunsa za komishoni. M'mizinda ikuluikulu gallery imatenga mpaka theka la mtengo wa chithunzi, ndipo ambiri akamva zimenezi amati ndi kuba kwa masanasana. Koma tawerengani bwino. Panopa wojambula wa ku Chembe akupereka kale gawo kwa mnyamata wogulitsa pachipata, gawo lina likuthera kunenerera kuja, ndipo chithunzi chikupita ku Ulaya popanda wodziwa dzina lake. Mlendoyo ngakhale atachikonda chotani, sangamupezenso kuti agule china. Gallery imalipira lendi ndi magetsi, imakhoma mafelemu, imaitana ogula, imasunga m'kaundula kuti chithunzi chakuti chinapita kwa uje pamtengo wakuti. Kaundula ameneyu ndiye amakweza mtengo wa munthu pang'onopang'ono. Chofunika n'chakuti mgwirizano ulembedwe, uonetse kuti zithunzi n'za wojambula mpaka zitagulidwa, ndiponso kuti ndalama yake alandira pasanathe masiku angati. Nkhani za munthu wovala bwino amene anatenga zithunzi kuti akagulitsa kutawuni n'kuzimitsa foni, ojambula ambiri angakusimbireni.

Wina ati zimenezi n'za mayiko olemera. Ku Harare, First Floor Gallery inayamba mu 2009, chuma cha Zimbabwe chili pansi penipeni, m'kachipinda ka pakati pa tawuni, ndipo lero imatengera ojambula ake ku zionetsero za ku Cape Town ndi Johannesburg. Ku Nairobi, a Circle Art akhala akuchititsa okushoni ya zojambula za kum'mawa kwa Africa kuyambira mu 2013. Kwathu konkuno anthu a ku Blantyre amaidziwa La Caverna ku Mandala House, a ku Lilongwe amaidziwa La Galleria. Ndipo mukakwera msewu wa ku Golomoti mufika ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Mua ndi kumudzi, koma anthu amapatuka pamsewu dala kukaona ntchito za osema ndi ojambula akumeneko. Ngati ku Mua zinatheka, boma lodzaza ndi alendo ngati lathuli lingalephere bwanji?

Nanga agule ndani? Apa ndiye anthu ambiri amalakwitsa, amangoganiza za azungu. Mangochi ndi likulu la misonkhano. Sabata iliyonse m'malo ogona alendo muli mabwana a m'boma, a m'mabanki ndi a m'mabungwe, ma allowance ali m'thumba. Lachisanu masana amanyamuka chambo chikulendewera pagalasi la galimoto, mikeka ndi zipewa za mlaza zili kumbuyo. Mukalowa m'nyumba zawo ku Area 47 kapena ku Namiwawa, pabalaza mupeza chithunzi chosindikiza cha mathithi a dziko losadziwika, chogula mushopu ya katundu wa ku China. Ndalama yogulira chithunzi chenicheni ali nayo. Palibe anawaitanapo m'chipinda chabwino, n'kuwapatsa chakumwa, n'kuwauza kuti uyu ndi wakuti wa ku Monkey Bay, wajambula izi chaka chino. Munthu wovala tayi sakonda kunenerera padzuwa pachipata, anzake akumuona. Eni malo ogona alendo nawonso ndisawasiye, ambiri makoma a zipinda zawo ali ndi zithunzi za mikango ndi akadyansonga zochita kuitanitsa kunja, ojambula ali panja pa mpanda pomwepo.

Za nyengo sitikufunika kutengera kwa wina, kalendala ya Mangochi ndi yodziwika kale. Alendo akunja amachuluka kuyambira Juni mpaka Okutobala. Amalawi amakhamukira kunyanja pa Isitala, pa tsiku la anakubala la 15 Okutobala ndi pa Khrisimasi. Zionetsero zikuluzikulu zitatu zoti zigulitse zakwana pamenepo. Dzinja, alendo akachepa, khoma lipatsidwe kwa achinyamata ongoyamba kumene, angapo pamodzi, ana asukulu azibwera kudzaona ulere. Chipindacho chingokhala cha mthunzi ndi chopita mphepo, chifukwa dzuwa lakuno limafwifwitsa penti msanga, ndipo chinyontho cha m'mbali mwa nyanja chimachititsa nkhungu pachinsalu.

Zojambula ndiye sizingasowe, n'zimene zimandipweteka. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumeza magombe, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Ndani anajambula zimenezo? Usiku asodzi a usipa akayatsa nyali, nyanja imaoneka ngati tawuni ina yamera pamadzi. Pali amayi oyanika usipa pathandala ku Msaka, pali nkhope ya msodzi wa ku Malombe amene anakula chambo chili mbwee n'kuchiona chikusowa, pali akabaza odzaza pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa, ovina beni, khamu la anthu ovala zoyera tsiku la Eid, mwera ukugubuduza mafunde mu Julayi maboti onse ali pamtunda. Amalawi amene amveka kunja anamveka ndi nkhani zotere. Chiboliboli cha Samson Kambalu chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022 chinali cha John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mzungu, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kutero. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre, amasoka nsalu za silika zoonetsa moyo wa m'nyumba mwake ndi mwana wake, ndipo zimagulitsidwa m'ma gallery a ku New York. Onsewa anatenga zimene akuzidziwa.

Pa Boma tili ndi Lake Malawi Museum, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903, ndipo tikusunga mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani mu 1914. Zakale tinazipatsa malo, n'zabwino. Anthu amoyo amene akujambula lero alibe ngakhale khoma limodzi.

Kuyamba sikufuna nyumba yosanja. Chipinda chimodzi chopakidwa laimu, magetsi abwino, ndi munthu mmodzi wa diso lotha kukana chithunzi, ngakhale chikhale cha mwana wa alongo ake. Amene angayambe ndikumupempha ziwiri. Mitengo ilembedwe m'makwacha, osati m'madola, kuti Mmalawi akalowa adziwe kuti nayenso akuyembekezeredwa kugula. Chachiwiri, alole kulipira pang'onopang'ono, monga ma gallery ambiri amachitira ndi ogula awo. Mphunzitsi wa ku Namwera kapena namwino wa ku Malindi apereke gawo loyamba pa Mpamba kapena Airtel Money, kadontho kofiira kamatidwe, atenge chithunzi chake akamaliza kulipira pakatha miyezi itatu.