Penti wa siliva si chrome, lekani kupha mabampa a galimoto zakale

Ndakwiya ndipo sindibisa. Amalume anga ali ndi Datsun 120Y imene anagula akadali mphunzitsi wachinyamata, ndipo pabanja tinasonkha kuti ikonzedwe, idzanyamule mkwatibwi pa ukwati wa msuweni wanga. Mabampa ake anali a chrome yeniyeni ya ku fakitale. Vuto linali timadontho ta dzimbiri m'makona ndi kupindika pang'ono kwa yakumbuyo, basi. Mwini garaji ina kuno ku Chipata anati, "Amdala, musade nkhawa, tiikanso chrome, ibwera yatsopano." Amalume anakhulupirira, analipira. Dzulo galimoto yabwera. Ndakanda bampa ndi chikhadabo, siliva yense watsalira m'chala changa. Penti! Penti wa m'chitini uja amagulitsa m'mahadiweya a ku Down Shops, wolembedwa chrome pachivundikiro. Pansi pa pentiyo pali filler, phala louma lija amamatira mabowo ndi malo opindika. Pansi pa filler pali mizere ya grinder, yakuya, kuchokera kona ino mpaka kona ina.

Penti wa siliva si chrome. Ngakhale chitini chilembedwe bwanji, ngakhale chivundikiro chake chinyezimire bwanji, zimene zili m'katimo ndi penti. Munthu amene wakupoperani penti n'kukulipiritsani ndalama ya chrome wakuberani, ndipo wakuberani kawiri, chifukwa wakuwonongeraninso chitsulo chimene simudzachipezanso.

Ndalama si imene ikundiwawa kwambiri. Chikundiwawa n'chakuti chrome ija inali ikadalipo. Timadontho tija tikanachoka ndi foil ya kukhitchini yoviika m'madzi, kupukuta modekha, kenako polishi. Kupindika kuja kukanawongoledwa ndi hamala kuchokera kuseri. Datsun 120Y inatuluka mu 1973. Bampa imeneyi yatha zaka pafupifupi 50 ikuyenda mu Great East Road, yawoloka mlatho wa Luangwa kosawerengeka, yaima padzuwa ku Mtenguleni pa Nc'wala, yamwa fumbi la ku Lundazi, koma osatha. Kuno kwathu kulibe mphepo ya mchere ya kunyanja yaikulu, kulibe mchere wothira m'misewu monga amachitira ku mayiko ozizira, n'chifukwa chake chrome yathu imakhalitsa chonchi. Zimene zaka zonsezo zinalephera, munthu wazichita ndi grinder tiyi asanazizire.

Anzanga, chrome sapaka. Chrome sapopera. Chrome amakuta ndi magetsi m'matanki a mankhwala. Bampa imayamba yachotsedwa chrome ndi nickel zakale, chitsulo n'kutsala pamtunda. Amaiwongola, amawotcherera mabowo, amaisalaza mpaka pasatsale mzere uliwonse. Kenako imamizidwa yonse m'thanki yoyamba kuti ikutidwe kopa, kopa yemweyu amene dziko lathu limakumba ku Copperbelt. Kopayo ndi amene amadzaza timaenje ta dzimbiri, ndipo amamusalazanso, mwina n'kubwereza kangapo ngati chitsulo chinadyeka kwambiri. Ikachoka apo ikupita m'thanki ya nickel. Nickel ndiyo imaletsa dzimbiri, ndiyonso imapereka kuwala kwambiri kumene inu mumaona. Chrome imabwera pomaliza, yopyapyala zedi, yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ntchito yake kuteteza nickel kuti isazilale. Mankhwala ake ndi apoizoni, ena amayambitsa khansa, madzi ake sangotayidwa m'ngalande. Ndipo thanki iliyonse iyenera kukhala yaitali moti bampa yonse imire.

Tsono mundiuze. Garaji imene ili ndi kompulesa imodzi, mfuti ya penti ndi grinder, matanki amenewa ali pati? Palibe matanki, palibe chrome. Mukamuuza munthu kuti "tiikanso chrome" inu mulibe thanki ngakhale imodzi, mukunama, ndipo mukudziwa kuti mukunama.

Musandimve molakwa. Mapanelobita athu ndimawalemekeza. Ndaonapo anyamata ku Kapata akuwongola chitseko chimene wina aliyense akanachitaya, n'kuchibweza pamzere wake ndi hamala ndi diso basi. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi kunena kuti "ichi sitingathe, amdala, pitani kwina." Mawu amenewa avuta pati? Amalume akanakwiya? Akanathokoza, n'kubweranso ndi ntchito ina. Ena amati n'chifukwa cha njala ya ndalama, ena amati mwini galimoto amafuna zotchipa. Zimenezo ndamva, koma sizisandutsa penti kukhala chrome.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku loyamba penti uja amawala ukaima patali. Yandikira, nkhope yako suiona. Pa chrome yeniyeni umaona nkhope yako, mitengo, mitambo, zonse. Pa penti umangoona mbuu. Mukatsuka ndi sopo koyamba kuwala kwapita. Mukagwira ndi dzanja pakutsala chidindo chakuda. Dzuwa la October likamenya penti ayamba kusweka, njinga ya kabaza ikangogunda pang'ono filler wang'aluka, mvula ya November ikulowa m'ming'alumo, ndipo chitsulo chimene chinavulidwa nickel chilibenso chochiteteza. Chidzaola m'kati inu mukuona siliva kunja.

Ndiye wina afunsa kuti nanga tichite chiyani, poti matanki ali kutali. Njira zoona zilipo, ndipo iliyonse ndi yabwino kuposa bodza ili.

Ngati galimoto ndi yosunga, ya chikumbutso, yotuluka pa maukwati ndi Lamlungu, ikutidwenso chrome ndithu. N'zodula, sindikana. Bampa iyenera kumasulidwa, kukulungidwa bwino, kuyenda makilomita oposa 500 kukafika ku Lusaka, ndipo kwa ambiri ulendo wake umakathera ku South Africa kumene kuli akatswiri a ntchito imeneyi. Mudikira masabata, mwina miyezi. Gawo lalikulu la mtengo wake si chrome ayi, ndi manja a munthu wosalaza. Apa ndi pamene grinder ija yatipweteka zenizeni, chifukwa chrome siibisa kanthu, imaonetsa mzere uliwonse. Bampa ya amalume ikanapita ili ndi timadontho take, ntchito ikanakhala yopepuka. Lero wosalaza ayenera kufafaniza mizere yonse ija, kudya chitsulo chimene chapyapyala kale. Ndiye tilipira kawiri chifukwa cha munthu mmodzi amene sanafune kunena zoona. Ndipo mukatumiza, funsani ngati amaika kopa, nickel ndi chrome, zonse zitatu. Alipo ena amadumpha kopa kuti atsitse mtengo, timaenje n'kumaonekera pansi pa kuwalako.

Powder coating ndilibe nayo mlandu. Ndi ufa wouma umene amaupopera pa chitsulo ndi magetsi kuti umamatire, kenako amalowetsa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kuti usungunuke n'kulimba. Ku Lusaka amachita, pa mageti, pa marimu, pa mipando. Ndi yolimba kuposa penti wamba, mtengo wake uli pansi kwambiri poyerekeza ndi chrome. Kwa Land Cruiser kapena Hilux yakale yonyamula fetereza ndi matumba a nshawa ku Katete ndi ku Chadiza, bampa yakuda ya powder coating ndi chisankho cha munthu wanzeru. Koma dziwani zimene mukusankha. Ufa sugwira bwino pa chrome yosalala, ndiye amayamba aiwomba ndi mchenga mpaka chrome yonse ichoke. Mukatero mwatsanzikana nayo, kudzabwerera ku chrome kudzakhala kodula koposa. Filler wamba sapirira moto wa uvuni, ndiye bampa yodzaza filler ngati ya amalume iyenera kupalidwa kaye yonse. Mwala ukaboola, dzimbiri limakwawa pansi pake mwakachetechete. Ndipo ufa umene amautcha wa mtundu wa chrome nawonso si chrome, umatuluka ngati aluminiyamu wopukuta. Ngati mukufuna powder coating sankhani yakuda kapena yoyera, mtundu woonekeratu kuti ndi mtundu. Bampa yakuda sinamiza munthu. Siliva wonamizira chrome ndi amene ndikudana naye.

Kugula ina nakonso kulipo. Amene muli ndi Datsun 1200 ya pikapu kapena Nissan 1400 muli ndi mwayi, chifukwa galimoto imeneyo inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, zipangizo zake sizivuta kwambiri. Pa galimoto zina pali mabampa atsopano opangidwa motengera akale. Ambiri mwa otchipa ndi a chitsulo chopyapyala, chrome yake yongonunkhiza, mabowo a mabawuti osagwirizana ndi mabulaketi, mpaka uyambe kuboola ndi kupinda. Ku Vietnam amapanga a stainless steel a galimoto zakale, amene sachita dzimbiri, koma muwerengere ndalama yonyamulira ndi msonkho wa pa boda. Ine ndingayambe ndafunafuna yakale ya galimoto inzake, m'magaraji a ku Petauke, kapena kudutsa pa Mwami kukafunsa ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Ndipo ngakhale mwagula yatsopano, yakaleyo musataye. Ipakeni mafuta kuseri, muikweze kudenga.

Choyamba pa zonse, dziwani chitsulo chimene chili pa galimoto yanu musanalole munthu kuchikhudza. Mabampa a Peugeot 404 ndi 504 ambiri ndi a stainless steel. Alibe chrome yoti ikutidwenso. Amangofuna kuwongola ndi kupukuta, amawala okha. Koma ndaonapo 504 muno m'tauni itapoperedwa siliva pamwamba pa stainless! Kuphimba chitsulo chosachita dzimbiri ndi penti amene adzayobuka mvula ikangoyamba! Bampa ya Land Rover yakale ndi ya galvanised, kutanthauza yokutidwa ndi zinki, inabadwa yotuwa, imayenera kukhala yotuwa. Nayonso mupeza wina waipaka siliva kuti "ioneke bwino". Ioneke bwino kwa ndani? Safunsa anadya phula. Funsani musanapereke kiyi. Funsani kuti thanki ili kuti. Muuzeni akuonetseni bampa ina imene anakuta, mudziyang'anirepo nkhope. Akayamba kuzungulira, tengani galimoto yanu muzipita.

Ndipo inu a m'magaraji, grinder si yankho la chilichonse. Mukaona chinthu chonyezimira pa galimoto yakale, chogwirira chitseko, mkombero wa nyali, mawilukapu, zilembo za dzina, manja anu asathamangire sandipepa. Masulani, ikani pambali, pentani bodi, bwezerani. Pa 120Y ya amalume ngakhale zilembo za Datsun kumbuyo zapoperedwa siliva yemweyo osamasula n'komwe, penti wadontha mpaka pa raba ya galasi. Amalume angoima, agwira bampa ija ndi dzanja, anena mawu amodzi okha: "Mphwanga, si iyi." Munthu wamkulu amene wasunga chinthu moyo wake wonse, mumuchite zotere chifukwa cha chitini cha penti? Mulibe manyazi?

Penti ndi penti. Mukapopera penti, nenani kuti ndi penti, lembani pa lisiti kuti penti, lipiritsani mtengo wa penti. Mwini galimoto asankhe yekha akudziwa.

Pamene ndili pomwepa, china chimene chikundinyansa ndi ogula zitsulo zakale. Galimoto zimene zikanatipatsa mabampa enieni zikutha m'masikelo. Fiat zija zinkalumikizidwa ku Livingstone, zimene zinali mbwee m'misewu ya dziko lino m'zaka za m'ma 1970, zili kuti lero? Njinga za Eagle zimene zinkapangidwa konkuno ku Chipata, ndi angati akuzisungabe? Mwini galimoto akangomwalira, maliro asanaiwalike, achibale aitana kale anyamata a gasi, galimoto yonse yadulidwa zidutswa, yakwera lole. Bampa yabwinobwino ya Mercedes kapena ya Volkswagen, imene wina akanaigula ndi ndalama yooneka, ikuyezedwa pa kilo limodzi ndi mapoto obooka ndi malata ofumbwa. Palibe amene amafunsa ngakhale kwa makaniko wa pafupi kuti kodi ichi chili ndi ntchito. Kungomva kuti sikelo yafika m'komboni, aliyense akuthamanga ndi sipanala.