Anzanga a mugulupu ya sukulu, za masikipa zidikire kaye

Ndilankhuleko pang'ono kwa inu amene tidaphunzira limodzi, a mugulupu ya WhatsApp imene ikukangana za masikipa a phwando, wokwiya akwiye basi.

Loweruka lapitali ndidapita ku msonkhano wa makolo pa sekondale yathu ija kuno ku Angónia, ku Mozambique, dzina sinditchula, amene tidamwera limodzi fumbi pamenepo mukuidziwa. Ndidapita ngati enkaregadu, woimira kholo, wa mwana wa achemwali anga amene ali kalasi 8, eni akewo adali kudimba kukumba mbatatesi poti wogula wa ku Tete adati galimoto ifika masana, ndiye akuti achimwene pitani ndinu, inu Chipwitikizi mumachimva. Ndidangoseka, osadziwa kuti mawu amenewo ndiye nkhani yonse ya tsikulo.

Anthu adabwera ndithu, asamanamize makolo kuti safuna za sukulu. Njinga zidadzaza pansi pa mtengo paja, azimai ndi ana kumbuyo, ena kuchokera kutali moti adanyamuka kusadache. M'kalasi tidakhala atatuatatu pa desiki, otsala kutsamira khoma. Aphunzitsi oyang'anira turuma, kalasi imeneyo, adalowa, mnyamata waulemu wake bwinobwino, kwawo ndi ku Zambézia, Chichewa amangodziwa moni ndi zikomo, ndipo si mlandu wake, boma lidamutumiza kuno basi. Adayamba kuwerenga pauta, ndandanda wa malikisi a ana, dzina ndi manota, dzina ndi manota, zonse m'Chipwitikizi, mwaliwiro ngati akuthawa mvula.

Pafupi ndi ine padali agogo ena aamuna, chipewa atachiika pa bondo, jekete yotuwa koma yositidwa. Atamva dzina la mdzukulu wawo ndi "oito" adawerenga zala, nkugwedeza mutu uku akumwetulira. Adandikodola nkunong'ona kuti mwana ameneyu ndi wanzeru ngati malemu bambo ake, wangophonya ziwiri zokha. Mtima wanga udachita kuti phwii. Ndidawauza motsitsa kuti agogo, manota a kuno amafika 20, wosafika pa 10 ndiye kuti zamukanika, 8 ameneyo ndi negativa. Adandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako nkutenga chipewa chija kuyamba kuchipindapinda. Akuti nanga chaka chonsechi mwanayu amandiuza kuti zikuyenda?

Aphunzitsi atamaliza adafunsa ngati pali funso. Zii. Adafunsanso, zii. Ndiye adalowa nkhani ya chopereka cha mlonda, apa pokha aliyense adamva poti nambala ya ndalama siisowa womasulira kkkk. Titatuluka panja, pansi pa mtengo pomwe paja, mpamene msonkhano weniweni udayambika, m'Chichewa, aliyense ali ndi mfundo, wina za ana amene amathera tsiku pa vidiyo kumsika, wina za zimbudzi za atsikana zopanda zitseko, wina za mphunzitsi amene sawoneka Lolemba lililonse. Mfundo zolemera zonsezo zidathera pa mtengo, aphunzitsi ali mkati kuloka chitseko, nawonso mumtima akuti makolo a kuno ngosalabadira.

Tisaiwale kumene tachokera. Makolo ambiri a ana amenewa ubwana wawo adathera ku Malawi nthawi ya nkhondo, ku Dedza, ku Ntcheu, adabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Amene adapondako m'kalasi adaphunzira Chichewa ndi Chingerezi, ena sadapondemo n'komwe. Munthu woteroyo amawerengera bwino ndalama za fodya, amatsutsana mtengo wa soya m'makwacha ndi m'metikali nthawi imodzi pa Lizulu, si mbuli ayi, koma umuike pa desiki umuwerengere pauta m'chiyankhulo chimene amangochimva kuchipatala ndi kupolisi, akhala chete basi kuopa kuchita manyazi pamaso pa ana.

Ndiye zinthu zidasinthanso. Lamulo la maphunziro la 2018 lija lidati mwana aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 idasamukira ku sekondale. Ife tinkafika pamenepo titakulako, ena ndevu zitayamba. Pano kukubwera tiana ta zaka 12, ena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu ndi kathumba ka ufa ndi nyemba, kudziphikira okha, kudzidzutsa okha, ndipo mabuku aulere aja adatsala ku pulaimale. Mwana wotere ngati kholo ndi mphunzitsi samvana, akumuyang'anira ndani?

Apa ndiye ndikubwera kwa ife a mugulupu ya WhatsApp ija. Gulupu imeneyi ndimaikonda, musandimve molakwika. Tili ponseponse, ena ku malasha ku Moatize, ena ku magetsi ku Songo, ena Beira, Maputo, Lilongwe, ena ku Joni amene amangotulukira ndi zithunzi atavala majekete achisanu. Nkhani zabwino timazimvera momwemo, uyu wamaliza zaulimi pa yunivesite ya UniZambeze pa Ulónguè pomwepa, uyu wakwatira, uyu wabereka mapasa. Aphunzitsi athu a masamu aja atatisiya tidasonkha pa M-Pesa ndi e-Mola masiku awiri okha bokosi nkugulidwa, galimoto nkupezeka, ndidanyadira kwambiri tsiku limenelo.

Koma taonani pano. Sabata yachitatu tsopano tikukangana za mtundu wa masikipa ovala pa phwando la Disembala, obiriwira kapena oyera, mpaka achimwene ena adatuluka mugulupu chifukwa chogonja pa voti kenako nkupempha kuti awabwezeremo. Ine nditalemba za agogo aja padabwera timanja tiwiri ta chala chachikulu, wina nkuponya chithunzi cha mbuzi yoti tidzaphe, nkhani yanga nkukwiririka pomwepo.

Ena munena kuti tisonkhe tigule madesiki. Chabwino, madesiki ngofunika, ndawaona ndi maso anga. Koma maganizo anga ndi akuti chimene ife tili nacho choposa ndalama ndi pakamwa pathupa. Ndife tokha amene timamva mbali zonse ziwiri, tidabadwira m'Chichewa, Chipwitikizi tidachitola m'makalasi omwewo, tikudziwa kuti pauta imawerengedwa bwanji, tikudziwanso mmene mai wa kumudzi amayankhulira akafuna kunena chinthu chovuta mozungulira. Komanso ife tilibe nota yoti wina atidulire. Kholo limaopa kutchula mphunzitsi amene akuvutitsa mwana wamkazi kapena wofuna kangachepe kuti mwana akhoze, limati mwana wanga angamulepheretse dala. Ife tingaope chani? Satifiketi tidatenga kalekale. Ndipo mu Conselho de Escola, komiti ya sukulu ija, muli malo a anthu a m'dera, koma ndani mwa ife adafunsako kuti amakhalamo ndani, amakumana liti?

Sindikuti tipite kukalimbana ndi aphunzitsi ayi. Ambiri akugwira ntchito movutika, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ena m'mawa masana ndi usiku womwe, ndalama za maola owonjezera zija mudamva nokha mmene adalirira dziko lonse. Pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, tidzawalembera mauthenga okoma pa Facebook monga mwa chaka ndi chaka, koma mnyamata wa ku Zambézia uja chimene akusowa ndi munthu woima pambali pake nkunena m'Chichewa kuti makolo, apa aphunzitsi akuti mwana wanu wajomba masiku mwakuti. Ndidacheza naye pambuyo pake, adachita kundigwira dzanja ndi manja awiri, akuti iye amayesa kuti anthu amamuda.

Makolo nafenso tili ndi zathu, tisabisale. Tsiku la msika mwana timamunyamulitsa kabichi, nthawi yosankha fodya sabata yathunthu osaponda kusukulu, ndiye Disembala akalephera tikathamangira kwa adiretori, akulu a sukulu, ndi ukali. Achemwali anga omwe ndawauza kale kuti ulendo wina tipitira limodzi, mbatatesi sizithawa.

Ndiye pempho langa nali. A ku Joni ndi ku Maputo sitikukuvutitsani, inu tumizani za madesikizo. Koma ife amene tili konkuno, manesi, alangizi, a mabizinesi, a njinga zamoto, tilipo okwanira kuti turuma iliyonse ikhale ndi mmodzi pa msonkhano ukubwerawu, tikapemphe kaye kwa adiretori mwaulemu kuti asaone ngati tabwera kudzawalanda mpando. Ndi Loweruka limodzi pa miyezi itatu, mmawa wokha, masana mpira tikaonera bwinobwino. Amene ali wokonzeka andipeze ku inbox, ine dzina langa ndalemba kale loyamba.

Agogo aja adatenga nambala yanga, adailemba kuseri kwa kapepala ka feteleza. Dzulo usiku andiimbira pa foni yobwereka, akuti mwanawe pepani ndi usiku, mdzukulu uja ndamukhazika pansi waulula zonse, koma tandiuzani Química ndiye chiyani poti kumenekonso akuti ali ndi 6. Ndidachita chibwibwi kaye, inenso Química ameneyo, phunziro la kemisitiri, ndidadutsa ndi 10 wa chisoni. Tagwirizana kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi abwere naye kunyumba ndi makope ake onse.